Musamvere wokuuzani kuti "ndi pafupi, ngakhale agogo amafika"

Achemwali, ndangoona kuti mukufunsa njira zosavuta za m'mbali mwa nyanja yamchere zoti muyende ndi ana komanso mayi anu, ndasiya zonse zomwe ndimachita. Enawa akutchulirani njira zokongola, zikomo. Ine ndikuuzani zomwe zinationekera, chifukwa mawu oti "yosavuta" amenewa anatsala pang'ono kundiphera mwana.

Tinalipo anayi: ine, bambo a kunyumba, mwana wathu wazaka 7 ndi apongozi anga. Tinagona pa loji ina m'kamudzi ka asodzi. Usiku umenewo mwezi unali wathunthu, tinakhala panja n'kumauyamikira, osadziwa kuti ndi womwewo utiliza mawa lake. M'mawa ndinafunsa bambo woyang'anira lojiyo. Anati kuli kagombe kokongola kuseri kwa phiri, njira zake ziwiri, ina yam'mwamba pamwamba pa maphompho, ina yam'munsi yodzera pamchenga. "Dzerani yam'munsi mayi, palibe chitunda, makilomita 4 okha, ola limodzi mwafika, ngakhale agogo amafika." Za madzi sanatchule n'kamodzi komwe. N'kamodzi komwe!

Tinanyamuka cha m'ma 10 koloko. Mchenga unali waukulu, madzi ali kutali uko, mwana akutola zigoba za nkhono. Ola limodzi lake lija linasanduka maola awiri, poti pamchenga wofewa phazi limalowa, ndipo apongozi ankapuma pafupipafupi. Tinazungulira kamphuno ka thanthwe kolowa m'nyanja, tikudutsa pouma bwinobwino, n'kulowa pagombe lina lalitali lokhala ndi khoma la phompho kumbuyo kwake. Tinakhala pansi, tinajambulana zithunzi. Itangokwana 1 koloko bambo anati tiyeni tibwerere. Kufika pa kamphuno kaja, palibenso podutsa. Pomwe tinaponda ndi mapazi ouma panali madzi ofika m'chiuno, mafunde akumenya thanthwe n'kubwerera ndi mphamvu. Tinathamangira kutsogolo kuti mwina mbali inayo tituluka. Nakonso kotseka. Kumbuyo khoma lotalika ngati nyumba yosanja, kutsogolo nyanja ikubwera.

Abale anga, sindinamvepo mantha ngati amenewo. Foni inalibe netiweki, phompho linatchinga. Mchenga womwe tinaimapo unkachepa tikuona ndi maso, funde lililonse likufika patsogolo pa linzake. Bambo anaona kashelefu ka mwala m'mwamba pang'ono, kutalika kupitirira mutu wawo, anayamba kukweza mwana, kenako ine. Mwalawo kunsi kwake unali ndi tizigoba takuthwa tomata ngati lumo, manja anga anachekekachekeka koma ululu ndinadzaumva usiku. Vuto linali apongozi. Munthu wamkulu, mawondo owawa, atavala masilipasi. Ine ndikukoka mikono kuchokera pamwamba, mwana wawo akukankha kuchokera pansi madzi ali m'maondo, iwo akungoti "ndisiyeni ine ndakalamba, gwirani mwanayo." Funde lina linawavula silipasi limodzi, ndinaliona likupita. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaliona silipasi limenelo likuyandama.

Tinakhala pa kashelefuko maola pafupifupi asanu. Cha m'ma 3 koloko madzi anafika pachimake, thovu likutiwaza kumapazi. Mwana analira mpaka mawu anatha, kenako anangoti zii atandigwira chala, ndipo kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa kulira kuja. Botolo la madzi linali limodzi, la theka la lita, anthu anayi, dzuwa lili pamutu. Apongozi ankapemphera chamumtima milomo ikungogwedera. Tinatsika dzuwa likulowa, madzi ataphwa mokwanira kuti tidutse pa kamphuno kaja akutifika m'akakolo.

Kufika ku loji, mukudziwa zomwe ananena bambo uja? Anaseka! Akuti "aa, simunaone tebulo la madzi? Aliyense amadziwa." Aliyense ndani? Ine ndine mlendo, ndakufunsa iwe, wandiona ndili ndi kamwana ndi gogo, ukundiuza yam'munsi! Kapepala ka nthawi za madziko kanalipo ndithu, atakamata kuseri kwa chitseko cha kukhitchini komwe mlendo salowa. Ndinamulalatira mpaka bambo a kunyumba anachita kundikoka. Pepani sananene, m'malo mwake anafunsa ngati mawa tikufuna atipezere bwato lokaonera gombe lomwelo. Munthu wopanda manyazi.

Msodzi wina wachikulire ndi amene anatifotokozera mawa lake, zina ndinadzawerenga ndekha. Nyanja yamchere si ngati nyanja zamadzi abwino zomwe madzi ake amakhala pomwepomwepo tsiku lonse. M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. Kuchoka podzaza kufika podzaza penanso ndi maola 12 ndi mphindi 25, ndiye nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mnzanu akadutsa pouma 10 koloko Lolemba, inu Lachisanu nthawi yomweyo mukhoza kupeza nyanja. Ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, ndi tsiku limodzi kapena awiri otsatira, madzi amaphwa kwambiri n'kudzazanso kwambiri. N'chifukwa chake m'mawa uja mchenga unaoneka waukulu chonchija, unkatinyenga.

China chomwe chinandipweteka nditachidziwa: madzi sabwera mofanana. Ola loyamba amangokwawa, simuona n'komwe. Amalinyero amawagawa magawo 12: ola loyamba gawo limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Ndiye kuti theka la madzi onse limabwera m'maola awiri apakatiwo, nthawi yomwe ife tinali kalikiliki ndi zithunzi. Zimatengeranso gombe lake. Ku nyanja ya Mediterranean madzi amasintha pang'ono chabe, pomwe ku Bay of Fundy ku Canada amatha kukwera mamita 16. Ndiye fufuzani za komwe mukupitako, musatengere za kwina.

Malangizo anga, musakhulupirire munthu wa komweko akati ndi pafupi, iye anakulira pamiyala imeneyo. Koma funsani asodzi, iwo ndi a komweko inde, koma moyo wawo uli pamadziwo, sangakunamizeni. Afunseni kuti "madzi aphwa nthawi yanji lero, nanga pali pomwe pamatseka?" Tebulo la madzi lilinso pa intaneti, lijambuleni pafoni musananyamuke chifukwa pansi pa phompho netiweki kulibe. Mphepo yamphamvu yochokera kunyanja imakwezanso madzi kuposa zolembedwazo, musawerengere mphindi ndendende.

Za nthawi yoyenda, pali kawerengedwe ka William Naismith wa ku Scotland ka mu 1892, ola limodzi pa makilomita 5, kuwonjezera ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Koma ameneyo ankanena za munthu wamphamvu wopanda mwana pamsana. Inu ndi ana ndi mayi, pamchenga, chulukitsani kawiri.

Mukafika pagombe yang'anani mzere wa ndere zouma ndi tinkhuni tomwe madzi amasiya. Mzerewo ukakhala patali ndi phompho, pamakhala poima ngakhale madzi adzaze. Ukakhala m'tsinde mwenimweni mwa khoma, kapena osaoneka n'komwe, dziwani kuti nyanja imafika pakhomapo. Ife tinauona mzerewo uli pamwala, mwana anafunsanso kuti udzuwu wakwera bwanji pamenepa, ine n'kumuyankha kuti fulumira.

Ndikanati tengani yam'mwamba basi, koma nayonso ili ndi zake, mphepo imakankha, m'mphepete mumagumuka makamaka mvula ikangogwa kumene, ndipo ana amathamanga. Kunena zoona yam'munsi ija inali yokongola kuposa chilichonse chomwe ndinaonapo, ndipo ndikadzapeza mpata ndidzapitanso, bambo asamve. Mukaisankha nyamukani madzi akuphwa, patatsala maola awiri kuti afike pansi penipeni, ndipo akangoyamba kubwerera inunso bwererani, ngakhale ana alire kuti sanamalize kusewera. Muuze munthu wina komwe mwapita ndi nthawi yobwera. Madzi akumwa aliyense botolo lake. Ndipo mayi anuwo muwagulire nsapato zomanga zingwe, apongozi anga anayenda makilomita onse aja obwerera phazi limodzi lili pansi.