Ndinachotsa ntchito anthu 40 mu mphindi zitatu

Mwandilembera pa imelo kuti kafukufuku wanu wa masitazi ndi wa mmene mabwana amakampani amapangira ziganizo, koma mabwanawo sakuyankha foni, ndiye mukufunsa ngati mungangogwiritsa ntchito ophunzira a pa yunivesite. Aaa, mwandikumbutsa tchimo langa.

Ndili chaka chachiwiri lekichala wina anatigawira pepala la kafukufuku wake, akuti ndinu manijala, kampani yalowa pansi, chotsani anthu 40 kapena dulani malipiro a aliyense. Ine ndinachotsa 40 aja mu mphindi zitatu, njala ili tho, mnzanga akundikodola pawindo kuti tizipita. Ndinali ndisanalipirepo munthu chibadwire. Ndipo tinabwera chifukwa anatilonjeza mamalikisi, nanga ungamukane bwanji munthu amene akuchonga mayeso ako? Patapita zaka ndinadzakhala ndi antchito atatu okha, koma kuchotsa mmodzi kunanditengera mwezi wathunthu, tulo osabwera, ndikungoganiza za ana ake.

Si ine ndekha ndikudandaula. Akatswiri a kafukufuku ananenapo: David Sears analemba kale mu 1986 kuti zambiri zomwe amati ndi khalidwe la munthu zimachokera kwa ana a m'kalasi basi. Robert Peterson mu 2001 anapeza kuti mayankho a ophunzira amafanana okhaokha kuposa a anthu ena, ndipo nthawi zina zotsatira zimachita kutembenuka. Ernst Fehr ndi John List anaseweretsa mabwana ndi ophunzira ku Costa Rica masewera okhulupirirana pa ndalama, mabwana ndi amene anakhulupirira anzawo kwambiri. Chodabwitsa china, Michael Haigh ndi List yemweyo mu 2005 anapeza kuti akatswiri ogula ndi kugulitsa ku Chicago Board of Trade, msika waukulu wa ku America, amaopa kuluza kuposa ophunzira. Ndiye musaganize kuti wophunzira ndi bwana wamng'ono yemwe sanakhwime chabe, ayi, simungadziwiretu kuti asiyanira mbali iti. Chimandikwiyitsa ine ndi pepala lolembedwa "mamanijala amasankha motere" chonsecho munalibe manijala ndi mmodzi yemwe mchipindamo.

Ndiye mutani?

Ngati funso lanu ndi la mmene mutu wa munthu aliyense umagwirira ntchito, ophunzira ali bwinobwino. Ngati likufuna munthu amene analawapo ngongole, sakani a MBA (masitazi a zamabizinesi) ophunzira madzulo aja, ambiri ali pa ntchito kale. Lembani poyera kuti munafunsa ndani, ndipo a m'kalasi yomwe mukuchonga nokha asiyeni.