Akuba atathyola golosale yanga anasiya chikwanje: kodi ndinalakwa kuchitola?

Mayi wina wa ku Limbuli, kuno ku Mulanje, wandilembera imelo. Akuti akuba anathyola golosale yake usiku, ndipo pothawa anasiya chikwanje ndi chitsulo chimene anathyolera loko. Kutacha, anthu odzapepesa anadzaza pakhomo, chikwanjecho chinayenda m'manja mwa anthu ambiri, iye anasesa magalasi osweka, kenaka anakulunga zonse m'jumbo kupita nazo kupolisi. Funso lake ndi lakuti kodi analakwa, komanso n'chifukwa chiyani wailesi ndi foni zimene zinabedwa n'kupezeka pambuyo pake apolisi sanamubwezerebe.

Mayi, pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Sindinganene kuti munalakwa, pakuti munachita zimene aliyense wa ife akanachita, koma zoona zake n'zakuti umboni wambiri unawonongeka m'mawa umenewo, ndipo amene anauwononga ndi anthu okufunirani zabwino. Zidindo za zala zimangokhala thukuta ndi mafuta a pakhungu chabe, otsalira pa chinthu chosalala monga galasi, loko kapena mpeni wa chikwanje, kotero aliyense amene wagwirapo pambuyo pake amafufuta za wakubayo n'kusiyapo zake. Magalasi amene munasesawo mwina ndiwo akanathandiza koposa chikwanje, chifukwa chigwiriro cha mtengo wokhakhala sichisunga bwino zidindo. Mapazi a wakuba panthaka yonyowa nawonso anapondedwa ndi khamu lija.

Chimene chimapatsa chinthu mphamvu m'khothi si kupezeka kwake kokha ayi, koma mbiri ya manja amene chadutsamo. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 amati woganiziridwa ndi wosalakwa kufikira boma litatsimikiza mlandu wake, choncho loya wake ali ndi ufulu wofunsa kuti chikwanje chili pamaso pa majisitireti chinatoledwa ndi yani, nthawi yanji, chinagona kuti, ndipo tikudziwa bwanji kuti ndi chomwechija, pamene pafupifupi nyumba iliyonse kuyambira ku Muloza mpaka ku Luchenza ili ndi chikwanje chofanana nacho. N'chifukwa chake wapolisi wa nthambi yofufuza milandu ya CID amayamba wajambula chinthu pamalo pomwe chagona, n'kuchinyamula atavala magolovesi, kuchimata chizindikiro ndi kuchilemba m'buku asanachitsekere. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma umboni umawola ndithu, makamaka kuno kwathu kwa mvula ndi chiperoni: nsalu ya magazi ikatsekeredwa m'jumbo ili yonyowa imachita nkhungu m'masiku ochepa, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amaiumitsa pamthunzi n'kuisunga m'pepala.

Zikadzachitikanso, Mulungu asalole, tsekani pakhomo, mupemphe a chitetezo cha m'mudzi kuti akhazike anthu patali, mujambule ndi foni musanasunthe kanthu, ndipo ngati mvula ikubwera muvundikire phazi looneka bwino ndi beseni osalikhudza. Kubweza odzapepesa kumaoneka ngati mwano, ndikudziwa, komabe akhoza kukupepesani ali pansi pa mtengo.

Za wailesi ndi foni, zimenezo tsopano ndi umboni wa boma, ndipo kawirikawiri zimasungidwa mpaka zitaonetsedwa m'khothi, inu mwini mutazizindikira, khothi n'kulamula kuti zibwezedwe. Pitani kwa wapolisi amene akufufuza nkhaniyi mukatenge nambala ya mlandu wanu, ndipo mukaonetsetse kuti katunduyo analembedwa bwinobwino, mtundu wake ndi manambala ake. Mutenge risiti kapena bokosi la foniyo, chifukwa pamakhala nambala ya IMEI ya manambala 15 imene imasiyanitsa foni yanu ndi ina iliyonse. Ngati foniyo ndi imene mumalandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba pa bizinesi yanu, mufotokozere woimira boma pa mlanduwo, amene angathe kupempha khothi kuti ibwezedwe msanga mlandu usanathe, ngakhale kuti chigamulo chake ndi cha majisitireti.