Pa penti yonyezimirayo musayerekeze

Asisi, mwafunsa ngati mungamate matailosi pakhoma lanu la penti yobiriwira ya oyilo osaipala. Matailosi pamwamba pa penti ya oyilo ayi, ngakhale mmisiri wanuyo alumbire chotani. Kwathu khoma la kukhitchini linali ndi penti yobiriwira yomweyo, pansi pake laimu wakale, pamwamba mafuta a zaka ndi zaka okazingira usipa ndi mandasi. Bilda yemwe ndinamupatsa ntchito anangopukuta ndi kansanza konyowa, amvekere simenti ya matailosi ya masiku ano imagwira ngakhale pagalasi. Tailosi iliyonse ankangoipaka timibulu tisanu kumbuyo, phaa pakhoma, ina.

Tsiku lake apongozi anali atabwera kuchokera kumudzi. Ndikuvundula nsima ndinangomva kuti thee! Tailosi ya pamwamba pa sitovu yasomphoka, thibu m'poto wa nyemba, msuzi wowira waa pamkono pangapa. Zinzake zinatsatira, ina n'kuswa mbale zomwe ndinali nditayala kale. Kutembenuza chidutswa, simenti yagwira ndithu, koma yagwira penti, pentiyo n'kusiya khoma. M'mipata ya pakati pa timibulu tija munatuluka mphemvu, osati zamasewera, zikuthamangira ku ndiwo, apongozi ali chiimire pakhomo akungoona. Sanalankhule kanthu, ndipo n'zimene zinandiwawa kwambiri.

Kumuimbira munthu uja, mawa, mawa. Kenako ali kumaliro. Tsiku lomwe anayankha, akuti vuto ndine, ndimaphika nyemba pafupipafupi, nthunzi ndi imene yafewetsa khoma. Nthunzi! Ndiye kukhitchini tizikachezako? Ndalama anali atadya yonse, mpaka lero akungozungulira ndi levulo yake yomwe sindinaionepo itagunda khoma langa.

Inu palani penti ndi laimu yense mpaka pulasitala aoneke, mutsuke mafutawo ndi sopo waufa ndi madzi otentha, khoma liume gwaa. Mukatero gogodani paliponse ndi chigwiriro cha tchizulo. Pomwe pakulira ngati ng'oma ndiye kuti pulasitala wasiyana ndi njerwa, gumulani apakenso. Watsopanoyo musamuthamangire, simenti imafuna masiku 28 kuti ikhwime bwinobwino. Adhesive, simenti ya matailosi ija, mmisiri azipaka pakhoma ndi mpeni wopakira wamanomano kuti kumbuyo kusatsale mphako, grout yotsekera mipata ya pakati pa matailosi aike patatha maola 24, ndipo pomwe matailosi akumana ndi sinki aikepo silicone, phala longa labala lotseka madzi. Masoketi asamasule magetsi ali oyaka.

Komabe kupala khoma lonse ndi chintchito, fumbi lake mudzalidya sabata yathunthu. Mlamu wanga sanapale n'komwe, anangokalakala penti yake ndi galayinda n'kupaka bonding liquid, mankhwala othandiza simenti kugwira, matailosi ake mpaka pano ali nji. Ndiye onani kaye mmene penti yanuyo yagwirira khoma. Ndipo musati mupange nokha, pezani mmisiri ndithu, kungoti theka la ndalama mudzamupatse atamaliza grout, inu mutagogoda tailosi iliyonse.