Kodi ntchito yomenyera ufulu ndi ya maloya okha? Yankho kwa namwino wina

Kalata imene ndikuyankha lero idandipeza pa imelo masabata atatu apitawo, ndipo ndachedwa kuiyankha chifukwa nthawi iliyonse ndikayamba kulemba ndimapezeka ndikufotokoza za moyo wanga. Wolembayo ndi namwino amene wagwira ntchito zaka 9 pachipatala china cha boma. Akuti mtima wake uli pa ntchito yoteteza amayi amene amafika kuchipatala atamenyedwa, koma atawerenga mbiri za ogwira ntchito m'mabungwe a zaufulu adaona kuti ambiri ndi maloya kapena anthu a madigiri awiri, ena ochokera ku Pretoria ndi ku London. Akufunsa ngati nkoyenera kusiya unamwino ndi kukaphunzira zamalamulo kuti nayenso awerengeredwe.

Achemwali, funso lanu ladzutsa bala limene ndinkayesa kuti lidapola. Ine ndidaphunzitsa Chichewa ndi mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale yoyendera kwa zaka 11 ndisanalowe m'bungwe lina loona za ufulu wachibadwidwe ndi ndondomeko za boma, limene sinditchula dzina lake. Adandilemba ntchito ya kumudzi, ndiye kuti yokwera njinga yamoto kukakumana ndi mafumu, makomiti ndi anthu odandaula. M'mwezi wanga wachiwiri tidauzidwa kuti aliyense alembe mbiri yake mwachidule kuti iikidwe m'chikalata chopemphera ndalama kwa abwenzi akunja. Ndidalemba zoona zokhazokha: kuti ndine mphunzitsi, kuti ndidakhalapo mlembi wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndiponso kuti ndidabwezapo kusukulu atsikana amene adali atakwatiwitsidwa. Chikalatacho chitatuluka ndidapeza kuti anzanga a zamalamulo adali ndi ndime yathunthu aliyense, pomwe ine ndidatsala ndi mzere umodzi, ndipo mawu akuti mphunzitsi adali atafufutidwa. Nditafunsa, mkulu wina adandiyankha mwaulemu kuti uphunzitsi sukukhudzana ndi ntchito ya bungwe ndipo ungafooketse chikalatacho. Tsiku limenelo ndidafika kunyumba ndikukhulupirira kuti zaka 11 za moyo wanga zidali chinthu choyenera kubisidwa, ndipo ndidakhala ndi maganizo amenewo kwa miyezi yambiri.

Chimene chidandichotsa maganizowo ndi mayi wina wamasiye amene adabwera kuofesi kwathu chaka chomwecho. Adali atakhala pa chitengwa zaka zoposa 20. Mwamuna wake atamwalira, achibale a malemuyo adamusudzula mothamanga ndi kumuuza kuti abwerere kwawo, kenaka adagawana malata a nyumba, ngolo, ng'ombe ziwiri ndi dimba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena poyera kuti kulanda katundu amene ayenera kupita kwa mkazi ndi ana a malemu ndi mlandu, choncho loya wathu adaona kuti nkhaniyi ndi yosavuta. Adali mnyamata wanzeru ndi wamtima wabwino, ndipo mpaka lero ndimamupatsa ulemu. Adawakhazika mayiwo pampando muofesi ndi kuyamba kuwafunsa mafunso otsatizana monga momwe adalembedwera pa fomu. Mayiwo ankangoyankha kuti inde bwana kapena sindikudziwa bwana, maso ali pansi. Atafunsidwa ngati akufuna kuti alamu awo atengeredwe kukhothi, adakana, adatsazika napita. Pa fayilo padalembedwa kuti wodandaula wausiya yekha mlandu.

Patapita sabata ndidadzera kumudzi kumene mayiwo ankasungidwa ndi mng'ono wawo, ndipo ndidawapeza akutong'ola chimanga pamkeka. Ndidakhala pansi ndi kutong'ola nawo pafupifupi maola awiri osafunsa kanthu za mlandu, monga ndinkachitira kwa makolo a ana amene asiya sukulu, pakuti m'kalasi ndidaphunzira kuti munthu wamantha ukamufunsa molunjika amakupatsa yankho limene akuganiza kuti limuchotsa msanga pamaso pako. Ndi pamenepo pamene adayamba kulankhula okha. Ana awo awiri aamuna adali atatsala kwa alamu aja. Manda a mwamuna wawo ndi a mwana wawo woyamba adali kumudzi komweko. Akadawamangitsa alamuwo, sakadapondanso kumandako, ndipo anawo akadakula ngati alendo pamudzi wa bambo awo. Chimene ankafuna ndi dimba, malata, ndi njira yotseguka yokaonera ana awo. Pa fomu yathu padalibe funso lililonse limene likadatulutsa zimenezi.

Nkhaniyo tidaitengera kubwalo la agulupu. Loya uja adafotokoza lamulo pamaso pa anthu onse, ndipo alamuwo adamvetsa kuti chimene adachita chikhoza kuwalowetsa m'chitokosi. Popanda iyeyo sakadachita mantha. Zotsalazo tidakambirana ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri kwa masiku awiri. Dimba lidabwezedwa, malata adabwezedwa, koma ng'ombe zidali zitagulitsidwa kale ndipo sizidabwerenso. Kumapeto kwa chaka, m'lipoti la bungwe, nkhaniyi idalembedwa ngati chipambano cha nthambi ya zamalamulo.

Poyamba ndinkaganiza kuti ichi chidali cholakwika cha bungwe limodzi, koma nditakhalitsa m'ntchitoyi ndidafika poti ndinene mosabisa kuti mabungwe athu ambiri adaiwala kumene ntchito ya ufulu idachokera m'dziko muno. Kalata imene idagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 Malichi 1992, ndipo oilemba adali maepiskopi, amene ankanena za malipiro ochepa, za sukulu ndi zipatala, ndi za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Patatha mwezi umodzi Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo iye adali mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, amene adayamba kunyanyala ntchito ku Blantyre adali ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead. Bungwe la Public Affairs Committee, limene lidakambirana ndi boma kufikira riferendamu ya pa 14 Juni 1993, lidakhazikika pa atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu, pamodzi ndi maloya ndi amalonda. Bungwe la Centre for Human Rights and Rehabilitation lidayambitsidwa mu 1995 ndi anthu amene adabwerera kuchokera kunja kumene adathawira, ndipo chimene adabwera nacho choyamba chidali kudziwa kuwawa kwa kuthamangitsidwa kwawo.

Maloya adalipo, ndipo ena adalipira mtengo waukulu kuposa wina aliyense. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'Malawi, adagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa mu 1981, ndipo adatuluka m'ndende mu 1993, amuna awo atamwalira kale m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Atatuluka adayambitsa bungwe la zaufulu la Malawi CARER. Koma pambali pawo padali mayi Emmie Chanika, amene adatsogolera Civil Liberties Committee kwa zaka zambiri mpaka dzina lawo lidakhala ngati dzina la ntchitoyo ku Blantyre. Mayi Chanika, amene adatisiya mu 2022, adali namwino ngati inu, achemwali. Ndikukayika ngati munthu wa mbiri ngati yawo angaitanidwe nkomwe ku intavyu m'mabungwe ena a masiku ano.

Chidasintha nchiyani? M'kuona kwanga, chidasintha ndi amene timalembera malipoti. Bungwe likamadalira ndalama zakunja zimene zimabwera ndi pulojekiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, limayamba kufuna munthu wodziwa kulemba Chingerezi chimene opereka ndalamawo amachikonda, ndipo digiri imakhala chikole chosavuta kuonetsa papepala. Luso lokhala pamkeka ndi mayi wamasiye silioneka pa satifiketi, choncho sililipidwa bwino. Ogwira ntchito kumudzi amapatsidwa kontirakiti ya chaka chimodzi, ndipo pulojekiti ikatha amayamba ndiwo kuchotsedwa, kupita ndi zonse zimene adaphunzira za mafumu, za mabanja ndi za milandu ya m'deralo. Pulojekiti ina ikabwera amalembanso watsopano amene ayenera kuyambira pa kufunsa njira ya kwa amfumu. Ndaonapo misonkhano yokambirana za nkhanza za m'banja ikuchitikira m'mahotela a kunyanja kwa masiku atatu, aliyense akusayinira alawansi, m'chipindamo mulibe namwino, mulibe wapolisi wa ku Victim Support Unit, mulibe mzamba kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, pomwe anthu amenewa ndiwo amaona nkhanzazo tsiku ndi tsiku. Ndondomeko zolembedwa m'zipinda zotere zimamveka bwino powerenga, koma zikafika pachipatala chaching'ono zimapezeka kuti zikufuna zinthu zimene kulibe.

Pali gulu linanso limene silitchulidwa konse, ndipo limandipweteka mtima kuposa langa lomwe. Bungwe loona ndondomeko za boma limafuna munthu wotha kuwerenga bajeti ya dziko ndi kuona kuti ndalama za mankhwala zachepetsedwa pati, ndipo ameneyo nthawi zambiri amakhala wa zachuma kapena akauntanti. Limafuna mtolankhani wodziwa kugwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kuboma, limene lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020 atolankhani atalimenyera zaka zambiri. Limafuna wowerengera ndalama wokhulupirika, chifukwa mabungwe amene ndawaona akugwa adagwa pa malisiti, milandu akuipambana ndithu. Limafunanso dalaivala wosunga chinsinsi. Dalaivala amene ndinkayenda naye nthawi ya dzinja ankadziwa mboni iliyonse imene tidainyamula, ankadziwa kumene tidabisa mtsikana wothawa ukwati, ndipo sadanenepo kanthu kwa munthu. Dzina lake silidalembedwepo m'chikalata chilichonse cha bungwe.

Ngakhale milandu ikuluikulu imene timanyadira ili ndi anthu otere kumbuyo kwake. Mu 2007 bwalo lalikulu lidagamula pa mlandu wa Kafantayeni kuti nkosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Chigamulocho chidali ntchito ya maloya, koma akaidi amene adali atalamulidwa kale kuti aphedwe adadikirabe zaka mpaka milandu yawo idayamba kuunikidwanso mu 2015, ndipo amene adayenda m'midzi kufunafuna achibale, mafumu ndi mboni zofotokoza moyo wa mkaidi aliyense adali ma paralegal, anthu ophunzira malamulo pang'ono koma osavala mkanjo wa kukhothi. Akaidi oposa 100 adatuluka chifukwa cha maulendo amenewo. Ntchito ya ma paralegal m'ndende zathu idayamba m'chaka cha 2000, ndipo ndiwo amakumbutsa anthu a pa rimandi za belo ndi za lamulo loti womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Chimodzimodzi mlandu umene udathetsa ndime ina ya lamulo la vakabu mu 2017: udayamba ndi wogulitsa majumbo amene adagwidwa m'mamawa ku Blantyre akupita kumalonda ake, ndipo udafika kubwalo lalikulu chifukwa padali anthu a bungwe lothandiza omangidwa ndi akaidi la CHREAA amene ankazungulira m'mapolisi ndi m'makhothi aang'ono kumva nkhani zotere.

Tsono za funso lanu

Inu muli ndi chinthu chimene loya sangachipeze m'buku. Mlandu wa kugwiriridwa kapena kumenyedwa kawirikawiri umaima kapena kugwa pa lipoti la chipatala, ndipo inu mukudziwa mmene lipotilo limalembedwera, kumene limasochera, ndi chifukwa chimene mtsikana amafikira mochedwa maola 72 a mankhwala oteteza ku HIV atadutsa kale. Mukudziwanso kuti mayi akanena kuti wagwa pa njinga, bala lake limanena zina. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lidakhazikitsidwa mu 2006, koma amayi amene amabwera kwa inu usiku ambiri sadalimvepo, ndipo munthu woyamba amene angawauze ndi amene akuwasoka balalo.

Musasiye ntchito panopa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo kontirakiti za m'mabungwe zimatha msanga kuposa mmene zimaonekera muli kunja. Digiri ya zamalamulo ya zaka 4 ichiteni pokhapokha ngati mukufunadi kuima pamaso pa woweruza. Ngati cholinga ndi chimene mwandilembera, pemphani kuti muzigwirako ntchito ku Chikwanekwane, kumene ochitiridwa nkhanza amalandirira thandizo lonse pamalo amodzi, ngati chipatala chanu chili ndi malo amenewo, dziwanani ndi apolisi a ku Victim Support Unit ndi ofesi ya pafupi nanu ya Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, ndipo funsani za maphunziro afupiafupi a ma paralegal amene mungachite muli pantchito. Werengani mutu 4 wa malamulo oyendetsera dziko, umene ukunena za ufulu wachibadwidwe, pamodzi ndi lamulo la 2006 lija. Mukadzayamba kufunsira ntchito m'mabungwe, yang'anani amene akugwira za umoyo ndi za nkhanza kwa amayi ndi ana, ndipo pa mzere woyamba wa kalata yanu lembani kuti ndinu namwino wa zaka 9.