Kodi Obwera Ndiwo Amatsitsa Malipiro?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito yosoka pafakitale ina kuno ku Harare, ndipo agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Pamsonkhano wa bungwe lathu la ogwira ntchito, bambo wina ananena kuti anthu obwera ndiwo amatsitsa malipiro chifukwa amavomera ndalama iliyonse, ndiponso kuti obwera ndi amayi salimba pa sitiraka. Kodi akatswiri anapeza zotani pankhaniyi?
Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Mayi, mawu amene munamvawo amanenedwa m'mayiko ambiri, koma amene anafufuza nkhaniyi mofatsa anapeza kuti zinthu zimayenda mosiyana. Mmodzi mwa iwo ndi Ruth Milkman, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu pa City University of New York, yemwe anaphunzira za anthu osesa m'maofesi mumzinda wa Los Angeles. Kale ntchito imeneyi inali ndi malipiro abwinoko chifukwa osesawo anali m'bungwe, koma m'zaka za m'ma 1980 eni nyumba zamaofesi anayamba kuipereka kwa makontirakitala osafuna mabungwe. Malipiro atatsika, ogwira ntchito akale anachoka, ndipo ndi pamenepo pomwe mabwana anayamba kulemba anthu ochokera ku Mexico ndi ku Central America, kuphatikizapo amayi ambiri. Choncho ntchito inayamba kuipa obwerawo asanafike, ndipo amene anaiipitsa ndi olemba ntchito.

Zoti obwera salimba pa sitiraka zinatsutsidwa mumzinda womwewo. Mu June 1990 osesa aja anaguba ku Century City, apolisi anawamenya ndi zibonga, koma iwo sanabwerere m'mbuyo mpaka anasainirana pangano ndi kampani yomwe inawalemba. Milkman anaona kuti obwera amagwirizana msanga chifukwa amakhala moyandikana, amapezerana ntchito pachibale, ndipo ena amakhala atazolowera kale za mabungwe kwawo.

Komatu sitifunika kupita ku America kuti tione zimenezi, pakuti mbiri ya agogo anu ikunena zomwezo. Anthu a ku Nyasaland (dzina lakale la Malawi) sanadzisankhire malipiro ochepa. Msonkho unawakankha kumudzi, mabungwe olemba anthu monga Mthandizi anawasonkhanitsa, ndipo boma la Southern Rhodesia (dzina lakale la Zimbabwe) linaika magalimoto a Ulere owanyamula mosalipira, chifukwa eni migodi ndi mafamu ankafuna antchito otchipa. Lamulo la Masters and Servants la 1901 linachititsa kuti kuthawa ntchito ukhale mlandu, pomwe lamulo la Industrial Conciliation la 1934 silinawerenge munthu wakuda ngati wogwira ntchito woyenera kukambirana za malipiro ake. Munthu womangidwa chotere, chitupa chake chili m'manja mwa bwana, sitingamunene kuti anavomera ndalama iliyonse mwa kufuna kwake.

Ngakhale zinali choncho, machona sanakhale chete. Clements Kadalie, wa ku Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU (Industrial and Commercial Workers' Union) ku Cape Town mu 1919, ndipo Robert Sambo, wa ku Nyasaland yemweyo, ndiye anadzalikhazikitsa ku Bulawayo mu 1927 asanapirikitsidwe m'dziko muno. Chaka chomwecho anthu zikwi zingapo ananyanyala ntchito pamgodi wa Shamva, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland. Bambo a pamsonkhano paja akadadziwa kuti mabungwe amene akuwanyadira lerowa anabzalidwa ndi manja a obwera omwe, mwina akadalankhula mosamala.

Nkhani ya amayi ndiyo yobisika kwambiri. Milkman anafufuzanso mafakitale a magalimoto ndi a zipangizo zamagetsi ku America panthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anapeza kuti amayi atalowa m'malo mwa amuna opita kunkhondo, mabwana anangolemba malire atsopano a "ntchito za amayi" n'kumawalipira zochepa. Nkhondo itatha, ambiri anachotsedwa m'mafakitale a magalimoto, mabungwe osawateteza mokwanira. M'mafamu a kuno, monga anaonetsera katswiri wina, Blair Rutherford, pakafukufuku wake m'dera la Hurungwe, ntchito yokhazikika ndi nyumba ya m'komboni zinkapatsidwa kwa mwamuna, pomwe mkazi ankalembedwa ngati waganyu nthawi yopalira kapena yosankha fodya. Mayi wotere akanyanyala, amaika pachiswe ganyu yake, ntchito ya mwamuna wake ndi denga la ana ake panthawi imodzi. Kumutcha wamantha ndi kusafuna kuona mtolo umene wasenza. Ndipo pamene mpata unapezeka amayi anatsogolera, monga Gertrude Hambira yemwe anali mlembi wamkulu wa GAPWUZ, bungwe la ogwira ntchito m'mafamu, m'zaka zovuta zotsatira kulandidwa kwa minda kumene kunayamba mu 2000.

Pamsonkhano wotsatira, Mayi, funsani atsogoleri anu kuti ndi anthu angati pafakitale panu amene ali pa makontirakiti a miyezi yochepa, angati mwa iwo ndi amayi, ndiponso ngati bungwe limawalemba m'kaundula wake ndi kuwaimira akachotsedwa ntchito.