Kwa achemwali amene afunsa za mlongo wawo wa autism

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti mlongo wanu ali ndi autism (chibadwa chimene chimachititsa ubongo kugwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri), ntchito amagwira bwinobwino koma pakamwa ndiye pavuta, anauza alamu anu pagulu kuti bizinesi ya nkhuku akufuna kuyambayo igwa, komanso azakhali atafunsa ngati ndiwo zakoma iye anangoti mchere wachuluka. Pano abale akuti ndi wamwano, saona chabwino pa chilichonse, nde mukufuna kudziwa ngati ndi autism yo kapena ndi khalidwe loipa chabe. Ena ayankha kale apa kuti angofunika kumukhaulitsa, ine zimenezo ndikukana.

Tiyambe ndi za ndiwozo. Ife Amalawi tikafunsa kuti "zakoma?" sikuti tikufuna lipoti la mchere ayi, tikufuna munthu athokoze, ndipo palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa zimenezi, tinangotola tikukula. Munthu wa autism zinthu zongotola choncho zimamudutsa, amamva funso mmene lafunsidwira nkuyankha zoona zake, kwa iye kunama ndiye kukanakhala kusalemekeza azakhaliwo. Nde ganizirani mmene timayankhulira kuno, munthu akati "ndiona" akutanthauza ayi, "bwerani mawa" ndi ayi, "tikuyimbirani" ndi ayinso, pamwamba pake miyambi ndi mikuluwiko, akuluakulu akamadzudzula amayambira kutali mpaka wodzudzulidwayo adzizindikire yekha. Mlongo wanuyo tsiku lililonse amakhala pakati pa anthu amene mawu awo akunena china mtima ukunena china, kenako iye akanena chimene chili mumtima ndendende ndi amene akutchedwa wachipongwe. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Zoti saona chabwino nazonso tiziyang'ane bwino. Ambiri a autism amaona tinthu ting'onoting'ono timene ife timadumpha tikatengeka ndi chisangalalo. Alamu akamakamba za phindu, iye mutu uli kale pa mtengo wa chakudya cha nkhuku, katemera wa chitopa, magetsi akazima anapiye afunda chiyani, msika uli kuti poti nkhuku zadzadza kale mu Tsoka ndi ku Area 25. Munthu wosakufunira zabwino amangoti zili bho pitirizani, nkumadikira ugwe. Amene wataya nthawi kuwerengera zonsezo ndiye kuti nkhaniyo yamukhudza, kungoti sanadziwe kuti amayenera kuyamba wayamikira kaye, komanso kuti zoterezi timakokerana pambali. Mawu ake mwina amamveka owuma, nkhope osamwetulira, anthu nkumati wakwiya pomwe iye ali bwinobwino.

Pali katswiri wina wa ku Britain, Damian Milton, nayenso ndi wa autism, mu 2012 analemba kuti kusamvanaku kumachokera mbali zonse ziwiri, iwo amavutika kutiwerenga ife, ifenso timalephera kuwawerenga iwo, koma mlandu umagwera iwo okha chifukwa ife ndife ambiri. Mu 2020 ku Edinburgh a Catherine Crompton ndi anzawo anayesa zimenezi, anthu amapatsirana nkhani mmodzi kuuza mnzake pamzere. A autism okhaokha nkhani imayenda bwino chimodzimodzi ndi gulu la anthu opanda autism, pamene imatayika kwambiri ndi pamene anawasakaniza. Nde kuti munthuyo satha kucheza sizoona.

Komatu sindikunena kuti chilichonse achite mudziti ndi autism basi. Ndi munthu wamkulu, atha kulakwa, ndipo atha kuphunzira. Chimene sichigwira ndi kumukwiyira mwakachetechete, kumuponyera mawu okuluwika kapena kumuyang'ana ndi diso lija amayi amatiyang'ana nalo alendo akabwera, iye sangazitole zimenezo, angoona kuti anthu asintha osadziwa chifukwa. Mukhale naye awiri, mtima uli pansi, mumuuze mosazungulira kuti zimene unanena za mchere zinali zoona koma azakhali zinawapweteka chifukwa anavutika kuphika, ulendo wina udzangoti zikomo ndadya, zimenezo si bodza. Za alamu mumuuze kuti nkhawa zako ndi zomveka koma udziyamba wafunsa ngati akufuna maganizo ako, ndipo udziwauza muli awiri. Akamva chifukwa chake amagwiritsitsa, ambiri lamulo lomveka bwino amalisunga kuposa ife tomwe.

Inunso pakhomopo musinthe kafunsidwe. Ngati mukufuna kulimbikitsidwa nenani kuti lero ndikungofuna undimvere, ngati mukufuna chilungamo chosabisa mufunseni iyeyo, mupeza kuti ndi munthu wodalirika heve. Azakhali ndi alamu muwafotokozere inuyo, musamusiyire yekha ntchito imeneyo.

China chimene anthu sadziwa, kudzikakamiza kuti aoneke ngati wina aliyense kumatopetsa koopsa, kumwetulira mokakamiza, kuloweza zoyankha, kudziletsa mawu aliwonse, ambiri mapeto ake amadwala nkhawa ndi kukhumudwa. Onjezani phokoso, munthu wadutsa mu depoti, wapanikizana mu minibasi, kenako akafike pa chinkhoswe masipika ali pamwamba, akayankha mwachidule pamenepo mudziwe kuti mphamvu zatha, mulekeni akapume panja osamutsatira ndi mafunso. Mukaona kuti wayamba kudzipatula kuposa kale, sakudya kapena sakugona, pitani naye kwa a zamaganizo, ku chipatala cha St John of God ku Area 43 ku Lilongwe kuli anthu a ntchito imeneyi.

Amene mwalemba mmunsimu kuti analodzedwa kapena makolo anamuika chizimba, chonde siyani. Munthu amabadwa nayo autism, ubongo wake umagwira ntchito mosiyana ndi wathu, ndipo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ananenapo kuti pafupifupi mwana 1 mwa 100 aliwonse ali nayo, kutanthauza kuti ku Kawale, Chinsapo, Mchesi aliko ambiri amene sanapimidwepo, akungotchedwa amwano mpaka kukula. Mlongo wanuyo bola anapimidwa, mukudziwa chimene chilipo. Mumufunsenso iyeyo mmene anaonera nkhani ziwiri zija, mwina mpaka lero sakudziwa kuti azakhali anadandaula.