Kodi “nemesis” ndi mdani wamtundu wanji?

FUNSO: Akonzi, olengeza masewera pa Chingerezi amakonda kunena kuti timu yakuti ndi “nemesis” wa timu ina. Kodi amangotanthauza mdani, kapena pali china?

YANKHO: China chilipo ndithu. “Nemesis” ndi munthu kapena timu imene imakugonjetsani mobwerezabwereza, ngakhale mutakhala katswiri woopedwa ndi ena onse. Mawuwa anachokera kwa Agiriki akale. Nemesis anali mulungu wawo wamkazi wolanga anthu odzikuza, ndipo kachisi wake wotchuka anali ku Rhamnous, kumpoto chakum’mawa kwa Athens. Ndiye chifukwa chake mpaka lero mawuwa amayenera kwambiri pamene wogonjetsedwayo ndi wamphamvu, woti anthu ankati palibe angamugwetse.

Chitsanzo chabwino chili pa tenisi. Roger Federer ankatenga zikho kwina konse, koma pa mpikisano wa French Open ku Paris, Rafael Nadal anamugonjetsa m’ndime yomaliza mu 2006, 2007, 2008 ndi 2011. Chikhocho Federer anachitenga kamodzi kokha, mu 2009, chaka chimene Nadal anachotsedwa msanga ndi Robin Söderling. Apa mutha kulemba kuti “Nadal was Federer’s nemesis in Paris”.

Pamene ambiri amaphonya ndi posakaniza mawuwa ndi “rival”. Awiri amene amasinthana, lero wapambana uyu mawa winayo, ndi ma “rival”. “Nemesis” ndi wa mbali imodzi: mukakumana naye, nthawi zambiri wolira ndinu. Chidani sichifunikanso ayi, mwina n’kukhala mnzanu weniweni kunja kwa bwalo. N’zoona kuti ena masiku ano amatchula mdani aliyense wakalekale kuti “nemesis”, koma polemba mayeso kapena nkhani ya m’nyuzipepala, ife tikuti musatero. Wongodana naye ndi “enemy” basi.

Mawuwa amagwiranso pa zinthu. Wophunzira amene masamu amamugwetsa chaka chilichonse anganene kuti “maths is my nemesis”.

Kumbali ya galamala, mawuwa ndi dzina, si mneni, choncho musawaike “-ed” kapena “-ing”. Nthawi zambiri amayenda ndi mwini wake: “my nemesis”, “her nemesis”, “the nemesis of”. Akakhala ambiri mulembe “nemeses”, osati “nemesises”. Potchula, tsindikani phatikizo loyamba, NE-me-sis. Chilembo chachikulu muchiike pokhapokha mukunena za mulungu wa Agiriki uja.